Musanagule Chiŵiya, Yambani Mwafunsa Moto

Nyengo ya maukwati yafikanso. Kuyambira pamene anthu atsiriza kukolola kufikira mvula yoyamba, palibe Loŵeruka lodutsa popanda nthungululu m'maholo a ku Limbe, ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa. Tsiku la ukwati lisanafike pamakhalanso mwambo uja wafala m'zaka zino wotchedwa bridal shower, pamene amayi amasonkhana kudzalangiza mwana wawo ndi kumuninkha ziŵiya zoyambira banja. Mwambowu ife sitiutsutsa ai. Kuyambira kale mwana wamkazi sankaloŵa m'banja chimanjamanja; amake ndi azakhali ake ankamupatsa mphika, nkhali, mthiko, chipande ndi lichero. Chimene chatidetsa nkhaŵa ndi mtundu wa mphatso zimene tikuziona masiku ano, pamodzi ndi ngongole za katapila zimene ana athu akuloŵamo pofuna kuti khitchini yawo ifanane ndi ya pa kanema.

Taloŵani m'nyumba za mabanja atsopano ku Bangwe, ku Chirimba kapena ku Machinjiri. Pamwamba pa kabati mupezapo microwave yofunditsidwa kansalu koluka, blender ikadali m'katoni mwake, ndi kachipangizo kootchera buledi kamene sikanalaŵepo buledi. Koma mukafunsa pamene paphikidwa nsima ya tsikulo, akutengerani kuseri kwa nyumba, kumene kuli mbaula yobooka ndi poto wopyapyala wopanda chivundikiro. Ndalama zinathera pa zinthu zogwira ntchito kamodzi pa mwezi, ndipo chiŵiya chogwira ntchito katatu pa tsiku chinagulidwa ndi zotsala.

Tsono mfundo yathu mwezi uno ndi imodzi yokha. Chiŵiya sichiyesedwa ndi kuŵala kwake kapena dzina la dziko kumene chachokera, koma ndi moto umene banja limaphikira. Wogula chiŵiya asanaganize za moto ali ngati munthu wosema goli asanaone khosi la ng'ombe. Ndipo moto wa mumzinda uno wa Blantyre tiyenera kuudziŵa bwino, pakuti ulipo wa mitundu itatu, ndipo palibe ndi umodzi womwe wotsika mtengo kapena wodalirika masiku onse.

Woyamba ndi makala. Mabanja oposa 9 mwa mabanja 10 alionse m'Malaŵi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo kuno kutauni ngakhale nyumba zokhala ndi magetsi zili ndi thumba la makala pakhonde. Makalawo akuchokera kutali, ku Neno ndi ku Mwanza, kudzera pa Zalewa, Lirangwe ndi Lunzu, ena atasanjikidwa pa njinga zokankha usiku wonse. Akuchokera kutali chifukwa mitengo yapafupi inatha. Ife a msinkhu uno tikukumbukira phiri la Ndirande lili bii ndi mitengo. Ana athu a m'kalasi amalidziŵa lili mbee. Ndipo palibe wa mumzinda uno amene angaiŵale mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mvula ija inali yoopsa payokha, inde, koma phiri lometedwa siligwira dothi. Mu 2020 lamulo la za nkhalango linakonzedwanso ndi kukhwimitsa zilango kwa ootcha, onyamula ndi ogulitsa makala popanda chilolezo. Mtengo wa thumba sitiulemba pano, pakuti mmene magazini ino izikufikani udzakhala utasinthanso.

Wachiŵiri ndi magetsi. Ambiri mwa magetsi athu amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kuyambira 2017 opanga ndi a EGENCO, ndipo a ESCOM ndiwo amatifikitsira m'nyumba. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kufikira 2023. M'miyezi imeneyo amayi ambiri anaphunzira kudzuka pakati pa usiku kukaphika nyemba magetsi atangoyaka. Onaninso chodabwitsa ichi: dothi lokokoloka m'mapiri odulidwa mitengo limakadzaza mu Shire n'kusokoneza makina opangira magetsi. Makala omwewo amene timathaŵirako magetsi akazima ali m'gulu la zinthu zozimitsa magetsiwo. Wachitatu ndi gasi, amene tikambe pambuyo pake.

Popeza moto uli chotere, funso loyamba kwa chiŵiya chilichonse likhale ili: kodi chichepetsa makala kapena mayunitsi amene timaononga? Mukafunsa motero mudzapeza kuti chiŵiya choyamba kupambana mayesowo ndi chonyozeka kuposa zonse, ndicho chivundikiro. Nthunzi imene mumaiona ikukwera pa poto wosavundikira ndi moto umene munaugula ndi ndalama, ukupita kumwamba. Poto wovundikira amaŵira msanga ndipo amapitiriza kuŵira pa moto wochepa. Komabe m'misika timaona anthu akutsitsa mtengo wa poto posiya chivundikiro, n'kumakavundikira ndi mbale yosakwana.

Potoyo akhale wochindikala pansi, wa chogwirira cholimba, ndiponso wotambalala mokwanira kuphimba moto wonse wa mbaula. Nsima imafuna poto wotere, chifukwa wopyapyala amapsereza pansi pamwamba pasanapse, ndipo amagwedera povundula. Pano tiyenera kuyamika amisiri a ku Ndirande ndi a mumsika wa Limbe, amene amasula mbaula, ndowa ndi ziŵaya, ndipo ena amasungunula aluminiyamu n'kuumba mapoto olemera okhalitsa zaka. Koma pali chenjezo limene kholo lililonse liyenera kulimva. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 wokhudza mapoto a m'dziko la Cameroon anapeza kuti mapoto oumbidwa kuchokera ku zitsulo zakale, monga za injini za galimoto, amatha kutulutsa mtovu m'chakudya, makamaka chakudya choŵaŵasa. Mtovu suoneka, sununkha, koma umafooketsa ubongo wa mwana, ndipo ife aphunzitsi tikudziŵa chisoni cha mwana amene akuyesetsa koma zinthu sizikuloŵa. Choncho funsani mmisiri chimene anasungunula. Musagoneke ndiwo za matimati kapena thobwa m'poto wotere. Zoŵaŵasa ziphikireni ndi kuzisungira m'poto wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena mumphika wa dothi. Ndipo lekani kukwecha m'kati mwake ndi mchenga kufikira mutaŵala ngati kalilole. Ukhondo ndi sopo ndi madzi, kuŵalako kusiyireni kunja.

Mbaula nayo ili ndi kusiyana kwake. Ya chitsulo chokhachokha imataya kutentha m'mbali monse, n'chifukwa chake wophika amapsa miyendo poto asanaŵire. Ya dothi m'kati, imene inayambira ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, imasunga kutentha ndi kukulozetsa pa poto, ndipo kachitseko kake kamakulolani kuchepetsa mpweya ndiwo zikaŵira. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma imabweza yokha m'matumba a makala. Kwa inu a m'mbali mwa mzinda, ku Chileka, ku Mpemba ndi ku Chigumula, amene mukadapeza nkhuni ndi zitsononkho, chitetezo mbaula youmbidwa ndi dothi iposa mafuwa atatu kutali. Boma linalonjeza mu 2013 kuti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni, ndipo magulu a amayi ambiri anaphunzira kuziumba.

Tsopano tifike pa nyemba, pakuti m'khitchini ya Mmalaŵi palibe chakudya china chodya moto ngati nyemba. Tiloleni tiphunzitseko pang'ono monga mwa ntchito yathu. Madzi amaŵira akafika madigiri 100 kumalo otsika a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuno ku Blantyre, kumene tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amaŵira pa madigiri pafupifupi 97. Akangoŵira, sapitiriranso kutentha ngakhale mutasonkhezera bwanji. Mayi amene akuonjeza makala ndi kukupiza kuti nyemba zipse msanga akungophwetsa madzi. Nyembazo zikupsa pa liŵiro lomwe lija. Njira zazikulu zofulumizitsira zilipo ziŵiri: kuziviika usiku wonse kuti ziloŵe madzi zisanaone moto, ndi kukweza kutentha kwa madziwo potsekereza nthunzi.

Ntchito yachiŵiriyi ndiyo imene pressure cooker imachita. Chivundikiro chake chimatseka ndi mpira kotero kuti nthunzi simathaŵa, ndipo madzi m'katimo amafika pa madigiri pafupifupi 120. Nyemba zimene zikanatenga maola aŵiri kapena atatu zimapsa pa mphindi 30 kapena 40 ngati zinaviikidwa. Chimodzimodzinso nandolo wouma, khobwe, mang'ina, zam'kati ndi nkhuku yachikuda yokalamba ija imene alendo amalimbana nayo mwaulemu. Ya pamoto ili ndi ubwino uwu, kuti simasankha: ikhala pa mbaula, pa gasi ndi pa hotipuleti. Ya magetsi nayo ili ndi wake, pakuti ndi yokutidwa bwino m'mbali ndipo imadzizimitsa yokha kutentha kukakwana.

Tiyeni tichite masamu a sitandade 6. Yuniti imodzi imene mumagula kwa a ESCOM ndiyo mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Hotipuleti ya mawati 1,000 ikayaka mwamphamvu maola atatu yadya mayunitsi 3. Pressure cooker ya magetsi, ya mawati pafupifupi omwewo, imakoka magetsi kwambiri poyamba pokha, kenaka imangoyaka mwa apo ndi apo, ndipo imatsiriza nyemba isanadye yuniti yathunthu. Banja lodya nyemba kaŵiri pa mlungu limaphika kasanu ndi katatu pa mwezi. Likapulumutsa mayunitsi 2 paulendo uliwonse, ndiye kuti lasunga mayunitsi 16 pa ndiwo imodzi yokha. Kodi pali blender imene inabwezapo ndalama motere? Inu amayi amene mumasonkherana kugula mphatso ya mkwatibwi, bwanji osaphatikiza ndalama za timphatso tisanu n'kugula chiŵiya chimodzi ichi?

Ambiri amachiopa, amati chimaphulika. Ngozi zimene zimamveka zimachokera pa kusasamala malamulo ake, amene ndi ochepa. Musanatseke, yang'anani kuti kabowo kotulukira nthunzi sikanatsekeke. Nyemba pamodzi ndi madzi ake zisapitirire theka la poto, popeza zimafufuma ndi kuchita thovu. Musakakamize kutsegula nthunzi isanathe. Phala musaphikiremo chotsekera, chifukwa limatseka kabowo kaja. Ndipo musanapereke ndalama, funsani wogulitsa ngati mpira wa chivundikiro chake umapezeka, pakuti mpira ukatha ndipo wina osapezeka, mwatsala ndi poto wamba wa mtengo wa mbuzi.

Nanga amene alibe ndalama zimenezo atani? Atenge dengu lakuya, ayalemo bulangete lakale, nsanza zoyera, thonje kapena masamba ouma a nthochi, ndi kusoka kapilo kophimba pamwamba. Nyemba zoviika aziŵiritse mwamphamvu pa mbaula mphindi 20 kapena 30, ndipo kuŵiritsa koyambaku kusadumphidwe, pakuti nyemba zosaŵira bwino zimapweteka m'mimba. Kenaka aphule poto ali chivundikirire, amukhazike m'dengumo, amufunditse mbali zonse, ndi kumusiya maola atatu kapena anayi osasuzumira. Kutentha kumene kuli m'potomo kudzatsiriza ntchito. Mpunga wa Kilombero umangofuna kuŵira mphindi zisanu, ndipo pakatha theka la ola kapena kupitirirapo pang'ono m'dengu umatuluka wosapserera. Ku South Africa nzeru yomweyi inasokedwa kukhala thumba lotchedwa Wonderbag mu 2008, nthaŵi imene nawonso magetsi ankaŵavuta, ndipo likugulitsidwa m'maiko ambiri. Ife tingathe kulipanga ndi zinthu za pakhomo. Mayi wopita kuntchito m'maŵa amapeza ndiwo zapsa masana, moto atauzimitsa kalekale. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chokhacho, chakudya chisagone m'dengumo kufikira kuzizira. Chikazirala chiŵiritseninso musanadye.

Ketulo ya magetsi anthu amainamizira. Akaona palembedwa mawati 2,000 amati imatha mayunitsi, kuiŵala kuti imayaka mphindi zoŵerengeka chabe. Kuŵiritsa lita imodzi ya madzi kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a yuniti, ndipo palibe hotipuleti kapena mbaula yofikapo. Amene amaononga ndi wodzaza ketulo yonse chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi. Bwenzi la ketulo ndi fulasiki: magetsi akalipo ŵiritsani, thirani m'fulasiki, ndipo ana adzamwa tiyi m'maŵa popanda kukoleza makala. Madzi a nsima nawonso angayambire m'ketulo.

Pa zamagetsi zonse pali nkhani ya pulagi. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi yathu ndi ya mano atatu a makona, yokhala ndi fyuzi m'kati imene malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000. Katundu wambiri wochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano obulungira. Ena amaidula n'kulonga mawaya m'soketi ndi kamtengo ka machesi, ena amagula kaadaputa kotchipa. Kenaka ketulo ndi hotipuleti zimalumikizidwa pa chingwe chimodzi, mawati 4,000 kapena kuposa, ndipo chingwecho chimayamba kununkha. Itanani wodziŵa za magetsi asinthe pulagi, ndipo chipangizo chotenthetsa chikhale ndi soketi yakeyake ya pakhoma. Chochokera ku America, cholembedwa mavoti 110 kapena 120, chidzapsa tsiku loyamba. Inu anyamata okhala m'zipinda za lendi, amene mumaphikira kawaya kopiringiza kogoneka pa njerwa, tikukupemphani: kameneko kataye lero.

Kutsika mphamvu kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunakweza mtengo wa chilichonse chochokera kunja, ndipo ambiri atembenukira ku zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito ndi zina zotchipa za maina achilendo. Si zonse zoipa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chiyatsidwe inu mukuona, ndipo musachoke opanda lisiti.

Gasi ndi moto wabwino: sadetsa mapoto, sachedwa, ndipo mukhoza kumuchepetsa monga mufunira. Kasilinda kakang'ono kokhala ndi choyatsira pamwamba ndi kothandiza pa tiyi, mazira ndi ndiwo zamasamba magetsi akazima. Mtengo wake umatsatira ndalama zakunja, choncho kuphikira nyemba pa gasi m'poto wamba ndi kudzipweteka. Silinda iime chilili pamalo opita mphepo. Mukamva fungo musayatse machesi kapena kukhudza switchi. Tsekani, tsegulani mazenera, ndipo pofufuza pamene pakutuluka pakani thovu la sopo.

Za zina zija sitichulukitsa mawu. Microwave ndi yotenthetsera chakudya chophika kale, ndipo magetsi akazima ndi kabati. Blender imathandiza pa matimati ndi zipatso, koma mukaipatsa mtedza n'kuichedwetsa ikupatsani chiponde m'malo mwa nsinjiro, ndipo chigwada chimakomabe cha mumtondo. Kamtondo kakang'ono ndi kamunsi kake kasasoŵe pakhomo. Mapoto okutidwa m'kati kuti chakudya chisamatirire ndi abwino pokazinga, koma osati pa nsima, pakuti mwana wopala nkhoko ndi supuni adzapalira kumodzi ndi chokutiracho. Furiji ndi yofunika kwa amene angathe, malinga agulirenso kachipangizo koiteteza magetsi akamabwera mwamphamvu, ndipo asadzazemo nyama ya mwezi wonse. Nkhwani ndi chitambe zofutsa bwino sizifuna furiji. Mpeni umodzi wakuthwa ndi mwala wonolera ziposa mipeni khumi ndi iŵiri ya m'bokosi lokongola.

Chiŵiya china chimene sitichiona pa mphatso ndi ndowa ya chivundikiro yokhala ndi kampopi. Madzi ambiri a mumzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wonsewo chokwera, ndipo mipopi ikauma nyumba iliyonse imasunga madzi. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, unatikumbutsa kuti madzi abwino amaipitsidwa ndi kapu yoviikamo dzanja lililonse. Ndowa ya mpopi simalola dzanja kuloŵa.

Potsiriza tinenepo za malo a mbaula. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa, anthu amaloŵetsa mbaula kuchipinda n'kutseka zitseko ndi mazenera. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire kenaka tulo tosadzukanso. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala akuoneka ngati azima. Ndipo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth kuli chipinda cha anthu opsa, mmene ambiri ogonamo ndi ana aang'ono, opsa ndi phala, madzi otentha ndi moto wa pansi. Mbaula ikhale pakona pamene mwana wokwaŵa safika, chogwirira cha poto chiloze kukhoma, ndipo chingwe cha ketulo chisalendeŵere pamphepete pa tebulo. Mwana akapsa musapake dzira, ufa, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Thirani madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera youma, ndipo thamangirani naye kuchipatala.